Nyumba Imene Ndinaitseka Mphuno

Nyumba imene ndinamangitsa ndili ku Durban inatsala pang'ono kundiphera mkazi. Ndayamba ndi mawu amenewa dala, chifukwa anthu akaiona lero m'mbali mwa msewu wa ku Tsangano, malata ake ali obiriwira, amayamba kundiyamikira, ndipo ine ndikayamikiridwa sindichedwa kuiwala.

Ndinachoka kuno chaka chimene mbatatesi inapsa ndi chiwawu m'dimba monse. Mkazi wanga Nangozo ndinamusiya m'kanyumba kaudzu ka zipinda ziwiri, kamene mphepo ya mu Juni inkalowamo osaodira. Madzulo aliwonse iye ankatseka kunsi kwa chitseko ndi masaka, koma kukamacha tinkadzuka mapazi atachita dzanzi. Tsiku lonyamuka, atandiperekeza pokwerera galimoto, ndinamulonjeza chinthu chimodzi chokha, kuti ndidzamumangira nyumba yosalowa mphepo. Iye anangondikonzera kolala ya jekete n'kunena kuti, "Inu mukafike kaye, bambo a Tadala. Za nyumba tizikamba pafoni."

Za ulendo sindikumbukira zambiri. Ndimakumbukira kutentha kwa ku Tete, mapazi kutupa m'basi, ndi mayi wina amene anandigawira chigumu pamalire a Zimbabwe. Koma Durban sindidzamuiwala. Ife a kumapiri timadziwa dzuwa lowotcha, loti ukathawira pamthunzi umapeza mpumulo. Kumene kuja mthunzi ulibe ntchito. Mpweya wake ndi wonyowa, thukuta silichoka pathupi, malaya ukachapa lero mawa amakhala akadali a chinyontho. Tinkagona anthu asanu m'chipinda chimodzi kuseri kwa shopu, ndipo nsapato zanga zopitira kutchalitchi zinachita chuku pansi pa bedi pasanathe mwezi.

Miyezi yoyambirira ndinkaima pamphambano ndi anzanga kudikira aliyense wofuna munthu wa ganyu. Tsiku lina ndikutsitsa matumba a simenti, thumba linandigwera paphazi, ndipo ndinatukwana m'Chichewa chenicheni cha kwathu. Bambo wina wamfupi, amene ankamangirira makwerero pagalimoto chapafupi, anatembenuka akuseka.

"Kutukwana kumeneko n'kwa ku Tsangano," anatero. "Ndinu mwana wa yani?"

Amenewa anali a Zuze, a ku Mozambique, koma kwawo kungodumpha msewu kuchokera kwathu. Tinapezeka kuti tinkagulitsa mbatatesi pamsika umodzi osadziwana. Iwowa ndi amene anandipezera malo kwa abwana awo, mmwenye wina wachikulire amene ankaika ndi kukonza makina oziziritsa m'nyumba, aja timati eyakoni.

Ntchitoyo ndinaikonda, ngakhale inali yowawa. Ndinayamba ndi kunyamula makwerero ndi kutsuka masefa odzaza fumbi. Kenako anandiphunzitsa kuboola khoma, kukoka mapaipi, ndi kupendeketsa kapaipi kotulutsa madzi, poti makinawo akamaziziritsa amafinyanso madzi mumpweya ndipo madziwo amayenera kutsikira kunja. Pamenepo sindinavutike, munthu wothirira dimba amadziwa kumene madzi amafuna kupita. Chovuta chinali kukwawa m'siling'i masana mu Febuluwale. Unkatulukamo ngati wagwera m'chitsime, a Zuze atakugwirira botolo la madzi, akukuseka.

Chimene chinkandidabwitsa n'chakuti anthu olemera ankalipira kuti m'chipinda mwawo muzizire ngati kwathu mu Juni. Ndinkauza a Zuze kuti tikanadziwa tikanabwera ndi chisanu cha ku Tsangano m'matumba, tikanabwerera pa ndege. Ikafika nyengo yozizira tinkakwera kumapiri a kunja kwa mzinda, komwe kumagwa chifunga, kukatembenuza makina omwewo kuti azitenthetsa.

Abwanawo anali ndi lamulo limene ankalibwereza mpaka kutitopetsa. Tisanayatse makina atsopano ankayendera zitseko ndi mazenera onse, akuyendetsa chikhatho m'mphepete. Akamva kamphepo ankatiitana.

"Tsekani apa. Makina angawa sangaziziritse Durban yense."

Ndiye tinkamata mphira m'mphepete mwa zitseko, kutseka ming'alu, ngakhale timabowo tolowera mpweya ta m'nyumba zakale tinkatimata. Ine ndinameza phunziroli lonse, osatafuna. Ndinkaganiza kuti ngati kutseka mipata kumaletsa kutentha kulowa ku Durban, ndiye kuti kwathu kungaletse chisanu. Ndinadziona ngati ndatulukira nzeru imene makolo athu onse anaiphonya.

Zimene ndinkatumiza kumudzi zitakwana kuti tiyambe kumanga, ntchito ndinaipereka kwa achimwene anga aakulu, amene ndi mmisiri womanga nyumba kuyambira ine ndili kusukulu. Tinkalankhulana pafoni Lamlungu lililonse. Khoma litafika pamwamba pa mazenera anandiimbira.

"Mawa tiika maventi," anatero, kutanthauza timabowo tija tolowera mpweya. "Awiri chipinda chilichonse."

"Musaike ngakhale limodzi," ndinayankha.

"Iii, nanga nyumba ipumira pati?"

"Nyumba si ng'ombe, achimwene. Inu mumamanga zakumudzi. Kuno nyumba za anthu ozindikira zilibe zimenezo. Ndipo mpata wa pakati pa khoma ndi malata mumate wonse ndi simenti."

Iwo anangoti, "Chabwino, nyumba ndi yanu." Mawu aja akuti mumamanga zakumudzi ndinawanena mosavuta, koma mpaka lero ndikawakumbukira ndimachita manyazi. Ndinatumizanso mphira wa m'zitseko kudzera kwa onyamula katundu, pamodzi ndi mabulangete ndi ketulo. A Zuze atamva anapukusa mutu n'kundifunsa ngati ndikumangira mkazi nyumba kapena fuliji. Ndinawayankha kuti nsanje ndi matenda.

Nangozo analowa m'nyumbamo mu Meyi, pulasitala asanaumitsitse, pothawa chisanu. Tadala, mwana wathu mmodzi yekhayo, anali kusukulu yogonera komweko, choncho mayi ake ankakhala okha. Masabata oyamba ankandiimbira akusangalala. Ankati akalowetsa mbaula kuchipinda, kutentha kumakhala mpaka m'mawa, ndipo azimayi anzake akabwera safuna kutuluka. Ine ndinkayenda ku Durban chifuwa chili patsogolo.

Kenako anayamba kutsokomola. Poyamba tinati ndi chimfine. Koma chifuwacho sichinathe, ndipo m'mawa ankadzuka mutu ukuwawa ngati wamenyedwa. Anapita kuchipatala, anamuyeza chifuwa chachikulu, sanachipeze. Kutatentha anapezako bwino, ife n'kuiwala. Chisanu cha chaka chachiwiri chitafika zinabwerera moposa. Pafoni sankatha kumaliza chiganizo, ankayamba mawu, kutsokomola, kupuma, kenako n'kunena kuti tilankhulana mawa. Tsiku lina m'mawa anangotsegula chitseko n'kugwa pakhonde, anamutola ndi anthu opita kudimba.

Kumudzi nkhani siyenda yokha. Anthu anayamba kufunsana kuti munthu amene sanadwalepo m'nyumba yaudzu angadwale bwanji m'nyumba ya malata. Ndipo anakumbukira amene anakumba maziko. Zinandifika ku Durban kuti achimwene anakwirira kanthu pansi pa nyumbayo, powawidwa mtima kuti mng'ono wawo wawapitirira. Ndine Mkhristu, ndinabatizidwa ndili khanda, ndipo sindinanene kuti ndakhulupirira. Koma achimwene akaimba foni ndinasiya kuyankha.

Sabata yomweyo abwana anatitenga kupita kumapiri kuja, kunyumba ya mayi wina wokalamba. Mwana wake ndi amene anatiitana. Ankafuna tichotse makina akale n'kuika aakulu kwambiri, chifukwa amayi ake ankangodandaula kuzizira ndipo chifuwa sichinkawatha. Abwana atalowa kuchipinda anaima pakhomo n'kununkhiza. Mazenera anali otseka, madzi akuyenderera pagalasi mkati. Pakona panali hita ya gasi ikuyaka, ndipo pafupi pake anayanika zovala. Makina akale aja anali atafa kalekale.

"Kokani kabatiyo," anatiuza.

Titaikoka, khoma lonse kuseri kwake linali bii ndi chuku, kuyambira pansi mpaka m'mapewa mwanga. Abwana anauza mwana uja kuti makina aakulu sawagulitsa pano. Anati aika aang'ono oti aziyenda nthawi yaitali n'kumachotsa chinyezi, hita ya gasi ituluke, ndipo tiboole khoma kuti mpweya uzisinthana. Ine ndinadabwa, ndipo titatuluka kukatenga zida ndinawafunsa.

"Bwana, si inu mumati tizitseka mipata yonse?"

"Timatseka pamene pali makina ochotsa madzi, ndipo ngakhale pamenepo anthu amatsegula zitseko tsiku lonse," anayankha. "Munthu akamapuma amatulutsa madzi. Poto akamawira, madzi. Zovala zikamauma, madziwo amapita kuti? Nyumba yotseka yopanda makina imamwa zonsezo. Ukayatsamonso moto, ndiye kuti ukudikira maliro."

Nthawi yomweyo mayi uja anatsokomola m'nyumbamo. Chinali chifuwa chouma, chokoka, chothera m'kamluzu. Ndinali nditachimva pafoni kwa Nangozo nyengo ziwiri za chisanu. Ndinakhala pansi pakapinga pafupi ndi galimoto.

"Mwatani, mwaona mzukwa?" anafunsa a Zuze.

"Ndapha mkazi wanga, a Zuze. Mbaula amagona nayo kuchipinda."

Sanaseke ulendo umenewu. Anatulutsa foni yawo n'kundipatsa, poti yanga inalibe mayunitsi. Nditaimba nambala ya mkazi wanga, anayankha ndi apongozi anga, amayi ake a Nangozo. Anati mwana wawo amutenga ali kwawo, ndipo m'nyumba imene ija sadzapondamonso. Ndinayesa kufotokoza za maventi koma anandidula, amvekere zimenezo mudzanene pamaso pa ankhoswe. Nditabweza foni ndinapuma pang'ono podziwa kuti usiku umenewo sagona m'chipinda chija. A Zuze ndi amene anakalankhula ndi abwana kuti andilole kupita, ndipo Loweruka anandinyamulira chikwama mpaka pabasi. Mawu awo otsanzika anali akuti, "Mukakafika mukayambe mwapepesa, nzeru zanu muzisiye m'chikwama."

Ndinafika kwathu m'mawa, chifunga chili tolo. Ndisanapite kwa apongozi ndinatsegula nyumba yanga, imene ndinali ndisanaionepo ndi maso. Kunja inali yokongola kuposa pazithunzi. Mkati fungo linandilandira pakhomo, lomwe lija la kwa mayi wokalamba. Malata anali ndi madontho mkati ngati chivindikiro cha poto. Chipinda china munali matumba a mbewu ya mbatatesi, ndipo kuchipinda chogona chingwe choyanikira zovala chinali chikadali chomangidwa. Nditasuntha bedi ndinapeza khoma lakuda mbali imene Nangozo ankayang'ana akagona. Pansi, pafupi ndi kumutu, simenti inali itapsa mozungulira pamene ankaika mbaula.

Nangozo ndinamupeza atakhala pamphasa kuseri kwa khitchini ya amayi ake, akuwothera kadzuwa. Anali atawonda mpaka ndinayamba kuzindikira chitenje ndisanazindikire mwini wake. Anandipatsa moni mwaulemu wonse, ngati mlendo, koma dzanja langa sanalisiye msanga. Apongozi anaima pambali manja ali m'chiuno.

"Mwamuona? Sabata ziwiri zokha chitulukireni m'nyumba ija, wayamba kudya, mutu wasiya. Mukufunanso umboni wina wotani? Akulu anu aja ayankhe Lamlungu."

Zinali zoona kuti anayamba kuchira. Ankagona m'nyumba yaudzu, momwe mphepo imalowa ndi kutuluka mmene yafunira. Umboni umene unkamanga achimwene ndi womwewo umene unkandimanga ine, kungoti ndinkaudziwa ndine ndekha. Sindibisa, maganizo oipa anandibwerera. Ndikanatha kungoboola makomawo mwakachetechete, Nangozo n'kuchira, anthu n'kumati mankhwala aja anasuluka okha. Koma ndinadziwanso kuti akapanda kumva chimene chinamudwalitsa, Juni wotsatira adzalowetsanso mbaula kuchipinda.

Lamlungu titaweruka ku Misa tinakhala pabwalo pa apongozi, ankhoswe a mbali zonse ziwiri ali pamipando. Achimwene anafika atavala jekete lawo la ukwati, nakhala pa njerwa chapatali, chipewa chili pabondo. Anali atakalamba kuposa zaka zimene ndinawasiya. Ndinamva kuti chiyambireni mphekeserazo palibe amene anawapatsanso ntchito yomanga. Nkhoswe ya kuchikazi itayamba kuyala nkhani, ndinapempha kuti ndilankhule kaye.

"Zikomo akuluakulu. Munthu amene anaika choipa m'nyumba ija alipo, ndipo ndi ine. Achimwenewa anafuna kuika maventi, ine ndinakana. Anandifunsa kuti nyumba ipumira pati, ine ndinawanyoza. Mphira wa m'zitseko ndinatumiza ndine. Utsi wa makala ndi chinyezi zinalibe potulukira, ndiye zinkathera m'chifuwa mwa Nangozo. Amene akukayika apite akaone kuseri kwa bedi."

Apongozi anati zimenezo ndi zachizungu, ndikungofuna kutchinjiriza m'bale wanga. Koma Nangozo analankhula ali pamphasa pomwepo, mawu ali apansipansi.

"Amayi, adokotala anandifunsa ngati ndimagona ndi mbaula. Ine ndinakana. Ndinaopa kuti andiletsa, ndiye kunkazizira."

Nkhoswe yathu, bambo wosachedwa kuseka, inandiyang'ana n'kunena kuti nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi. Anthu anaseka pang'ono, ndipo kuseka kumeneko kunamasula bwalo. Ndinapita pamene anakhala achimwene n'kugwada. Ndinali nditakonza mawu ambiri m'basi monse muja, koma anatuluka awiri okha, akuti ndinalakwa achimwene. Iwo anayang'ana chipewa chawo nthawi yaitali.

"Foni yanga unkaiona ikuitana?" anafunsa.

"Ndinkaiona."

Anagwedeza mutu. Kenako anadzuka, kukutumula jekete, n'kunena kuti, "Mawa ubwere ndi makwerero. Tchizulo choboolera khoma ndili nacho."

Tinagwira ntchito sabata yathunthu, awiriwiri. Iwo ankalemba pakhoma ndi khala, ine n'kumaboola pamene alembapo, osatsutsa kanthu. Tinaika maventi awiri chipinda chilichonse, moyang'anizana. Tinagumula simenti ina kunsi kwa malata, tinamatula mphira yense, tinapala chuku n'kupaka laimu. Mbatatesi tinaimangira kosungira kwake panja, ndipo kuseri tinawonjezera kakhitchini kotseguka mbali imodzi kuti mbaula izikhala kumeneko. Anthu odutsa ankaima kumaonerera munthu wobwera ku Joni akuboola nyumba yake yatsopano. Achimwene sankalankhula zambiri, koma tsiku lachinayi anandiuza kuti ndimagwira hamala ngati mlembi wa kutchalitchi, ndipo ndinadziwa kuti tayambanso kukhala pachibale.

Nangozo sanabwerere msanga, ndipo sindinamukakamize. Anadzalowa mu Okutobala, kutatentha, apongozi atayendera chipinda chilichonse n'kununkhiza okha. Ku Durban sindinabwererenso. A Zuze ananditumizira zida zanga, ndipo ndinayamba kukonza mafuliji a m'magolosale ndi a ogulitsa nyama kuno ndi ku boma. Koma mtima sunakhale pansi. Nyengo yotentha sinkanditsimikizira kanthu, poti ngakhale kale ankapezako bwino kukatentha. Ndinkadikira Juni ngati munthu wodikira chigamulo.

Juni anabwera ndi ukali wake wonse. M'mawa wina udzu unayera ndi chisanu, madzi a m'ndowa akuluma zala. Ndinadzuka n'kuyendetsa chikhatho pagalasi la zenera, linali louma. Ndinasuzumira kuseri kwa bedi, laimu anali woyera. Ndikuwerama choncho, Nangozo anatulutsa mutu m'mabulangete atatu, chipewa chaubweya chili mpaka m'maso, n'kuyamba kundikalipira.

"Bambo a Tadala, inu ndi munthu wotani kodi? Munapita ku Joni zaka zonse zija kuti mukandimangire nyumba yosalowa mphepo, lero mwaiboola ngati sefa, mphepo ikuchita kuimba mluzu pamutu panga, mbaula mwaithamangitsira kunja ngati yaba nkhuku, ndiye m'malo moti mukayatse moto mundibweretsere tiyi mwaima apo mukusisita khoma ngati mwana wanu, anthu akamati amuna a ku Tsangano nzeru zinathera m'mbatatesi mumati akukunyozani!"

Anapitiriza. Anakumbutsa za mbuzi imene ndinagulitsa motchipa tisanakwatirane, anadzudzula abale anga mmodzimmodzi, anabwereranso kwa ine. Ndinakhala pamphepete pa bedi n'kumamvetsera, ndipo m'pamene ndinazindikira kuti walankhula nthawi yonseyo ndi mpweya wake wonse, osaima, osatsokomola ngakhale kamodzi. Misozi inayamba kutsika yokha.

Anasiya n'kundiyang'anitsitsa. "Nanga mukulira chiyani? Ndakunyozani kwambiri?"

"Ayi, Nangozo," ndinatero. "Pitiriza."